Njerwa Zogwa Kuchokera Kumwamba

Mwezi wathawu mlongo wanga adanditumizira uthenga woti ndikafike kwawo msanga. Mwana wake wamwamuna, amene adalemba mayeso a Fomu 4 ndipo akudikira zotsatira, adali atasanduka mlendo m'nyumba ya makolo ake. Nsima inkazizira m'mbale, akamuitana ankayankha kachitatu, ndipo pakati pa usiku nkhope yake inkaoneka mbuu ndi kuwala kwa foni. Popeza kwathu kuno mwana akayamba kusokera anthu amayang'ana kwa malume ake, ndidanyamuka ndili ndi mawu aukali amene ndidakonza m'njira monse.

Ndidampeza pakhonde, mutu uli zyoli, zala zikuvina. Atandilonjera mwaulemu ndi kundipatsa mpando, ndidayamba kuyala mawu anga aja. Iye adamvetsera mpaka ndidamaliza, kenaka adafunsa motsitsa mawu:

"Amalume, amayi amatiuza kuti inu muli mnyamata munkakhala pa bawo mpaka agogo kukutsatirani ndi kamtengo. Kodi n'zoona?"

"N'zoona, mphwanga," ndidavomera, "koma bawo ndi masewera a anthu anzeru."

"Nanga awa mwawayesa kale kuti mudziwe kuti ndi a zitsiru?"

Ndidasowa choyankha, motero ndidalandira foniyo. Masewera ake adali otchedwa Tetris. Kuchokera pamwamba pa galasi la foni pamagwa tizidutswa tooneka ngati njerwa zolumikizana, ndipo ntchito ya wosewera ndiyo kutitembenuza ndi kutiyala pansi kuti tidzaze mzere wonse popanda mpata. Mzere ukadzaza umafufutika. Ukasiya mipata, khoma limakwera, ndipo likafika pamwamba ndiye kuti wagonja. Ine ndidagonja mphindi ziwiri zisanathe. Ndidapempha kuti ndiyesenso kamodzi kokha. Pamene mlongo wanga ankabwera ndi madzi osamba m'manja, dzuwa lidali litalowa, ndipo amene adafunika kuitanidwa kachitatu ndidali ine.

Awerengi, kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa kuti mphamvu ya masewera otere yagona pati, kuti mpaka agwire munthu wa imvi amene adapita kukawadzudzula. Yankho lake ndilo ndifuna tikambirane lero, chifukwa likukhudza aphunzitsi pamodzi ndi achinyamata amene angotsiriza sukulu.

Masewerawa adabadwira mumzinda wa Moscow chapakati pa zaka za m'ma 1980, nthawi imene dziko la Soviet Union lidakalipo. Mwini wake ndi Alexey Pajitnov, amene ankagwira ntchito ya makompyuta ku bungwe la boma loona za sayansi. Iye ankakonda masewera akale oyala timatabwa ta maonekedwe 12 m'kabokosi, kathabwa kalikonse kopangidwa ndi timabwalo tisanu ta ngodya zinayi. Ataona kuti 12 n'tochuluka, adachepetsa timabwalo kukhala tinayi pa chidutswa chilichonse, ndipo padatsala maonekedwe asanu ndi awiri okha: ndodo yowongoka, bokosi, ziwiri zonga chilembo cha L, ziwiri zokhota ngati S ndi Z, ndi chimodzi chonga T. Dzina lakuti Tetris adalipanga pophatikiza mawu a Chigiriki otanthauza zinayi ndi dzina la tenisi, masewera amene iye ankawakonda. Kompyuta yake, yotchedwa Electronika 60, sinkatha kujambula zithunzi, kotero kuti njerwa zoyambirirazo adazipanga ndi zizindikiro za kalembedwe wamba.

Masewerawo adafalikira m'maofesi a mu Moscow, kenaka adadumpha malire. M'chaka cha 1989 kampani ya ku Japan yotchedwa Nintendo idawaika m'kachipangizo kake kogwira m'manja ka Game Boy, ndipo adagulidwa mamiliyoni ochuluka. Komatu mwini wake sadalandire phindu la malondawo kwa zaka zambiri, popeza m'dziko lake chimene munthu wapanga pa ntchito ya boma chidali cha boma. Adayamba kulandira gawo lake m'chaka cha 1996, atasamukira kale ku America, pamene adakhazikitsa kampani yoyang'anira masewerawa pamodzi ndi mnzake Henk Rogers. Lero mwana amene sadziwa kumene kuli Moscow amayala njerwa za Pajitnov atakhala pakhonde la amayi ake.

Tsono tiyeni tiyerekeze masewerawa ndi bawo amene mphwanga adandikumbutsa. Bawo ali ndi maenje 32 ndi osewera awiri, ndipo chachikulu n'chakuti amatha. Mmodzi amapambana, wina amagonja, anthu amaseka, ndipo amene wagonja amadzuka kuti apatse malo mnzake amene wakhala akudikira. Mdima ukagwa nkhomo sizioneka, choncho aliyense amapita kwawo. Ngakhale munthu atakonda bawo chotani, pali zinthu zitatu zomuimitsa: mathero a masewerawo, anzake, ndi dzuwa.

Tetris wa mtundu woyamba uja alibe ngakhale chimodzi mwa zitatuzi. Palibe mnzako woti atope, foni imadziwalira yokha usiku, ndipo palibe malo pamene masewerawo amakuuza kuti wapambana, pita ukagone. Njerwa zimangothamangirathamangira kufikira utagonja. Choposa apo, zimene wachita bwino zimafufutika nthawi yomweyo, ndipo zimene zimatsala pamaso pako ndi mipata imene udalakwitsa. Mtima wa munthu sukonda kusiya ntchito ili pakati. Mlimi amene watsala ndi mzere umodzi safuna kuweruka. Tsono taganizani za munda umene ukalima mzere wotsiriza, pamabadwa mzere wina.

Akatswiri a masamu adaifufuza nkhaniyi. M'chaka cha 1997 Heidi Burgiel adasonyeza kuti ngati zidutswazo zikugwa mwachisawawa, nthawi ina padzabwera ndithu mndandanda wautali wa zidutswa ziwiri zokhota zija, S ndi Z, umene palibe katswiri angaupirire. Kunena kwina, kugonja kudalembedwa kale m'malamulo a masewerawo. Mwezi wa December 2023 mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma m'dziko la America, Willis Gibson, adatchuka ponseponse kuti wagonjetsa Tetris wa Nintendo amene adatuluka mu 1989. Koma chimene chidachitika n'chakuti adasewera kwa mphindi pafupifupi 38 mpaka kufika pa gawo la 157, pamene makinawo adasokonezeka ndi kuima. Padatenga zaka 34 kuti munthu afike pamenepo, ndipo atafika sadapezepo mathero okonzedwa. Makina ndiwo adatopa.

Palinso china chimene ndidachiona ndekha usiku wa tsiku lija. Nditatseka maso kuti ndigone, ndidaona njerwa zikutsika mumdima. Ndidadzamva pambuyo pake kuti si ine ndekha. M'chaka cha 2000 Robert Stickgold ndi anzake a ku yunivesite ya Harvard adasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu 27 amene adasewera Tetris kwa masiku atatu. Oposa theka adanena kuti ankaona zidutswa zikugwa pamene tulo tinkayamba kuwagwira. Pakati pawo padali anthu asanu odwala matenda oiwala zinthu zatsopano. Iwowa sankakumbukira n'komwe kuti adasewera, komabe atatu mwa iwo adafotokoza za tizinthu togwa timene ankationa pogona. Apa tiphunzira kuti bongo umapitiriza kutafuna chimene taudyetsa masana, kaya tikufuna kaya sitikufuna. Mwana amene watha maola asanu pa njerwa amagona ndi njerwa, ndipo amene watha maola omwewo pa samu amagona ndi samu.

Kodi tinene tsono kuti masewera a pafoni ndi matenda? Tisathamange. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidavomereza m'chaka cha 2019 kuti pali vuto la kukodwa ndi masewera otere, ndipo ndondomeko imene lidalembamo vutoli idayamba kugwira ntchito mu January 2022. Koma bungwelo lidaika zizindikiro zomveka. Choyamba, munthu amalephera kudziletsa pa nthawi yoyamba ndi yosiya. Chachiwiri, masewerawo amakhala patsogolo pa zinthu zina zonse za moyo wake. Chachitatu, amapitirizabe ngakhale akuona kuti akuwononga sukulu, ntchito kapena ubale. Kawirikawiri zimenezi ziyenera kuoneka kwa miyezi 12 kuti madokotala anene kuti ndi matenda, ndipo bungwelo lidanenetsa kuti ogwidwa motere ndi ochepa mwa anthu onse osewera. Motero mwana amene amasewera madzulo atatsiriza ntchito zake sakudwala ayi, ndipo kholo limene limutcha wamisala likumulakwira.

Maiko ena adayesa njira ya lamulo. Mwezi wa August 2021 boma la China lidalamula kuti ana osakwana zaka 18 azisewera masewera a pa intaneti kwa ola limodzi lokha, kuyambira 8 koloko mpaka 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi cha boma. Lamulolo lidachita chimodzi chimene masewerawo sachita: lidaika mathero. Koma malire oikidwa ndi wina amagwira ntchito pokhapokha mlonda ali maso. Wachinyamata amene watsiriza sukulu alibenso belu lomuuza kuti nthawi yakwana, ndipo posachedwa adzakhala kutali ndi makolo ake. Ameneyo ayenera kuphunzira kudziimbira belu yekha.

Kwa inu aphunzitsi, ndikupemphani kuti musayambe ndi kunyoza monga ndidachitira ine. Mwana akaona kuti mukudzudzula chinthu chimene simudachigwirepo, amangoti mumtima tsobola wakale sawawa, ndipo makutu amatseka. M'malo mwake tengani zidutswa zisanu ndi ziwiri zija mulowe nazo m'kalasi. Dulani makatoni, mupatse ana, ndipo muwauze kuti popeza chidutswa chilichonse chili ndi timabwalo tinayi, tonse pamodzi ndi 28, ayale zidutswazo kuti zipange bwalo la timabwalo 4 m'lifupi ndi 7 m'litali. Adzayesa mpaka belu kulira, koma sadzatha. Tsono muwaonetse chifukwa chake. Detsani timabwalo ta bwalolo modumphitsa monga pa bolodi la drafuti, ndipo mudzapeza takuda 14 ndi toyera 14. Zidutswa zisanu ndi chimodzi, paliponse pamene mungaziike, zimaphimba takuda tiwiri ndi toyera tiwiri. Koma chidutswa chonga T chimaphimba titatu ta mtundu umodzi ndi kamodzi ka mtundu winawo. Zonse pamodzi zimafuna 15 ndi 13, osati 14 ndi 14, kotero ntchitoyo ndi yosatheka. Mwana amene wamvetsa zimenezi waphunzira tanthauzo la umboni wa m'masamu, ndipo waphunzira kudzera pa chinthu chimene amachikonda kale.

Kwa inu amene mwangotsiriza sukulu, miyezi yodikira zotsatira za mayeso kapena yankho la kalata yofunsira ntchito ndi yowawa, ndipo tikudziwa. Pafoni munthu amaona msanga phindu la khama lake, pamene kalata imapita osabwerera. N'chifukwa chake masewera amakoma kwambiri pa nthawi imeneyi. Koma akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Maola anayi pa tsiku kwa miyezi itatu ndi maola 360, amene ndi masabata asanu ndi anayi a munthu wogwira ntchito maola 40 pa sabata. Nthawi yotere ndi yokwanira kulima dimba la ndiwo zamasamba mpaka kuyamba kukolola, kuyamba kuphunzira kusoka kapena ukalipentala, kapena kubwereza phunziro limene mukulikayikira. Funso loyenera kudzifunsa musanatsegule masewera ndi ili: kodi ndisiya nthawi yanji? Ngati yankho lake ndi lakuti ndikagonja, dziwani kuti mukagonja mudzati ndiyesenso kamodzi kokha, monga adanenera malume wina pakhonde la mlongo wake.

M'mawa mwake, ndisanatsazike, tidakhalanso pansi ndi mphwanga.

"Foni yako sindikulanda," ndidamuuza, "koma undiuze wekha nthawi yoyamba ndi nthawi yosiya."

Adaganiza kanthawi, nati: "Ndikabwera kudimba madzulo, amalume, kufikira amayi ataitana kuti nsima yapsa. Usiku foni izigona pa tebulo la pabalaza."

"Nanga ukaphwanya pangano?"

"Mudzabwere ndi bawo wanu, ndidzakhale nanu tsiku lonse ngati chilango."

Tidaseka tonse, ndipo amayi ake adakhala mboni. Uthenga umene ndalandira sabata ino ukuti panganolo walisunga masiku ambiri ndipo waliphwanya kawiri. Loweruka likudzali ndikupita ndi bawo uja, ndiponso ndi makatoni asanu ndi awiri odulidwa bwino, kuti ndikaone ngati katswiri wa njerwa angandiuze yekha chifukwa chake sizikwana m'bwalo.