Nsadzu ndi Ofula Njuchi

Ambiri a inu mumaidziŵa nsadzu, mbalame yolondolera anthu kumene kuli njuchi. M'chaka cha 2016 katswiri wa za mbalame, Dr. Claire Spottiswoode, adafalitsa zimene adapeza pakati pa Ayao ofula njuchi ku Niassa, m'dziko la Mozambique. Anthu ameneŵa amaitana nsadzu ndi kamvekero kawokawo, kakuti "brrr-hm". Pomveketsa mawu wamba m'thengo, mbalameyi idatsogolera anthu pa maulendo 33 mwa 100 alionse, koma pomveketsa kamvekero kaja, pa maulendo 66. Motero nsadzu imazindikira kuti akuiitana. Munthu amatenga uchi, mbalame nkudya phula lotsala. Tsono tikamaliza mitengo ya mphako, njuchi zidzasoŵa pokhala, ndipo ubale wakalekalewu udzathera pomwepo.