Za Kuoloka Mtsinje Madzi Asanadzale

Abale anga a m'midzi ya Mzimba, ilipo nthenda ina imene imatha nkhokwe koposa anankafumbwe, ndiyo kuzengereza. Munthu wogwidwa ndi nthendayi si waulesi nthawi zonse ai. Khasu ali nalo, mphamvu ali nazo, nchito aidziwa, koma likafika tsiku loyamba, mtima wake ugawika pawiri, nati, "Ndiyambe ndaona zimene achite anzanga." Za munthu wotere akulu anati: ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Kumbukirani m'mene Angoni anafikira kuno. Zwangendaba ndi anthu ake anachoka kumwera atagonja Andwandwe pa nkhondo ya Shaka, nayenda zaka zambiri kufikira anaima pa gombe la Zambezi, pafupi ndi Zumbo, m'mwezi wa November chaka cha 1835. Pa tsiku la kuoloka kunachitika kadamsana, dzuwa nkuda usana. Anthu a masiku aja chinthu chotere anachiyesa malodza, ndipo akadafuna chifukwa chobwerera, chinali chomwecho. Koma November ndiye mwezi umene Zambezi aphwa koposa, mvula isanayambe. Akadati adikire mitima ikhale pansi, madzi akadadzala, ndipo khamu la akazi ndi ana silikadaolokanso kufikira chaka china. Anaoloka. Patapita zaka ngati 20, Inkosi M'mbelwa, mwana wa Zwangendaba, anafika ndi anthu ake m'dziko lino la kumpoto. Nkhondo zimene anachita pa njira sitizitama, pakuti zinaliritsa mitundu yambiri. Chimene titengapo ndi ichi chokha, kuti mtsinje uli ndi nyengo yake, ndipo sudikira munthu.

Tsono ife lero Zambezi wathu ndiwo munda. Kuno mvula yodzalira imabwera kumapeto a November kapena mu December, nileka cha mu April. Ikagwa pa nthaka youma, zinyalala zoola zimatulutsa chakudya cha mbeu chimene alangizi amachitcha nayitirojeni. Koma mvula zotsatira zimachitsuka ndi kupita nacho pansi pamene mizu siifika. Wodzala msanga chimanga chake chimadya chakudyacho kwaulere, ndipo chimakula udzu usanalimbe. Wodzala mochedwa masabata atatu apeza chakudya chapita, udzu watsogola, ndipo mvula imleka chimanga chisanakhwime. Onse awiri alima munda wofanana, nakhetsa thukuta lofanana, koma mwezi wa February mmodzi yekha ndiye apita kukagwira ganyu kwa mnzake. M'mera mpoyamba.

Nanga mtima wozengereza tiugonjetse bwanji? Choyamba, mlandu wa munda uweruzidwe m'chilimwe. Bambo ndi mayi akhale pansi mu September, napangane kuti chimanga chipita pati, mtedza pati, nyemba ndi mawere pati. Mizere ikhale yoturidwa October asanathe, yotalikirana masentimita 75, ndipo mbeu ikhale m'nyumba. Munthu amene anatha kuganiza dzuwa likuswa mtengo, mvula ikagwa alibenso choganiza, angonyamula khasu. Ambiri amene timawayesa amantha ngosakonzeka chabe.

Chachiwiri, funsani nzeru, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma kufunsako kukhale ndi malire. Mlangizi wa zaulimi ndi mkulu mmodzi wokolola bwino akukwanirani. Wofunsa anthu khumi abwerako ndi mau khumi, nakhala pakhonde osadziwa ogwira.

Chachitatu, dziikireni chizindikiro chimene mudzachimvera. Kulimba mtima sikuthamanga mwa chibwana ai. Mvula ya chizimalupsa imanyenga, ndipo wodzala nayo mbeu zake zimapsa m'nthaka. Koma ikagwa mvula yeniyeni, kumbani ndi dzanja. Mukapeza chinyezi chalowa kuya kwa chikhatho, m'mawa mwake banja lonse likhale m'munda, mbeu imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25. Zoyang'ana mitambo zathera pomwepo.

Chachinai, nchito ikakuopsani ndi kukula kwake, musaiyang'ane yonse. Palirani mizere khumi lero dzuwa lisanakwere, ndipo mudzaona kuti mantha anali pa mzere woyamba pokha. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kulumpha. Chomwechonso ndi mbozi ija ya ntchemberezandonda, imene inalowa m'Malawi m'nyengo ya 2016 ndi 2017. Ikali yaing'ono pa masamba, yosavuta kuipha. Koma wonena kuti "ndidzaona Loweruka" aipeza yalowa m'kati mwa nsonga ya chimanga, m'mene mankhwala safika bwino.

Chotsiriza ndicho manyazi, amene amamanga ambiri a ife. Tiopa kuti tikayamba tokha ndi kulephera, a pamudzi adzatiseka. Zoona, nthawi zina wodzala msanga mvula imamdukiza, ndipo abwerezanso kudzala; wataya mbeu ya m'lichero ndi masiku awiri. Koma wochedwa wataya chaka chathunthu, ndipo ana ake ndiwo alipira. Yesani zotayika ziwirizi pa muyeso, ndipo muone cholemera. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Mau awa si a munda wokha. Denga lofoleredwa mvula itayamba, ng'ombe yodwala yoitanidwira dokotala wa ziweto itagona kale pansi, mwana wolembetsedwa sukulu anzake atatha teremu, zonsezi ndi mitsinje imene tinaiyang'ana kufikira inadzala. Chifukwa chake, inu atate ndi amayi, usiku uno mukatha kudya tchulani nchito imodzi imene mwakhala mukuikankhira mawa, mupangane tsiku lake ana akumva, ndipo tsikulo likacha muigwire.

Tsalani bwino, abale anga, mvula ikupezeni okonzeka.