Sitima Yopanda Mutu

Mwana wokulira ku Nzama akhoza kutsiriza sukulu asanaonepo sitima ya pamtunda, chonsecho njanji inadutsa m'boma lake lomwelo la Ntcheu. Chifukwa chake nchakuti Nzama, kumene ansembe a chipani cha Montfort anakhazika mishoni m'chaka cha 1901, ali kumapiri cha kumalire a Mozambique, pamene njanji inatsata chigwa cha Bwanje. Njanjiyi, yochokera ku Blantyre, inafika ku Salima mu 1935 podzera ku Balaka, Bilila ndi Sharpevale. Oimanga ankafuna kufika kunyanja ndi kunyamula katundu. Za anthu a kumapiri sanaziganizire kwenikweni.

Tsono panjanji yotere, ya masiteshoni aang'ono ndi apaulendo owerengeka, pamabuka vuto. Sitima ya malasha inkafuna mutu wolemera, munthu wosonkheza moto, ndiponso kuima kaŵirikaŵiri kuti imwe madzi. Kuiyendetsa chifukwa cha anthu odzaza bogi imodzi kunali kutaya ndalama.

Apa ndipo panaloŵera galimoto ya panjanji yoyendera dizilo, imene Angerezi amati railcar. Imeneyi ndi bogi yodziyendetsa yokha. Injini yake kaŵirikaŵiri imakhala pansi pa mipando ya apaulendo, ndipo zambiri zili ndi poyendetsera mbali zonse ziŵiri, kotero kuti ikafika kumathero woyendetsa amangosamukira kumbuyo nkuyamba ulendo wobwerera. Poti njopepuka, imanyamuka msanga ndi kuimanso msanga. Kunena mwachidule, ndi basi imene inasiya msewu. Kampani ya Nyasaland Railways inagula magalimoto otere kwa a Drewry a ku England m'zaka za m'ma 1950, ndipo Malaŵi Railways inawalandira dziko litapeza ufulu.

Koma basi yeniyeni ndiyo inapambana. Msewu wa tala wa M1 unadzera pa boma la Ntcheu, kumtunda kumene kuli anthu ambiri, ndipo mlimi wa kachewere sangatsike chitunda chonse ndi thumba pamutu kukadikira sitima ku Bilila. Pamene njanji zinkaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways mu 1999, phindu linali litatsamira ku katundu.

Ife tiona ngati kulakwa sikunali kwa galimotoyo. Ku Germany ndi ku Japan magalimoto otereŵa akutumikirabe midzi, popeza kumeneko basi imakatula anthu pasiteshoni pa ola limene sitima ifika. Pakati pa Nzama ndi chigwa cha Bwanje mgwirizano wotere ndiwo unasoŵa.