Kodi mumadziwa? Akathyali a pafoni afika mpaka m'minda ya tiyi

Kodi mumadziwa kuti meseji yoyamba ya pafoni padziko lonse inatumizidwa pa 3 Disembala 1992 ku Britain? Anaitumiza ndi Neil Papworth pa netiweki ya Vodafone, ndipo inali ya mafuno abwino a Khirisimasi basi. Lero kuno ku Zimbabwe njira yomweyi ndi imene mbava zikulowera m'thumba la munthu wothyola tiyi ku Ratelshoek, ku Jersey, ku Zona ndi ku Aberfoyle, ngakhalenso mayi wogulitsa nthochi ku Hauna kapena ku Gaza, mu tauni ya Chipinge. Kafoni ka mabatani n'kokwanira, sipafunika intaneti.

Kodi mumadziwa kuti EcoCash inayamba mu 2011? Chiyambireni, foni ndiyo yasanduka chikwama cha anthu ambiri m'Zimbabwe. Kumene kwapita ndalama, wakuba amalondola komweko.

Nanga mumadziwa kuti meseji yonena kuti mwalandira ndalama si umboni woti ndalamazo zalowadi? Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kathyali amatenga meseji yeniyeni ya EcoCash, n'kusintha dzina, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, kenako n'kuitumiza kwa inu. Pasanathe mphindi zingapo foni ilira. Munthu uja akulankhula modandaula, akuti walakwitsa nambala, ndalamazo zinali za mwana amene ali m'chipatala, chonde mubweze msanga. Inu ndi mtima wanu wachifundo mutumiza, koma zimene mwatumizazo ndi zanu, za thukuta lanu, chifukwa iye sanatumize kalikonse. Mankhwala ake ndi apafupi: dulani foniyo, imbani *151# nokha, muone ndalama zimene zilimo. Ngati zalowadi molakwika, muuzeni mwiniwakeyo akadandaule ku kampani ya foni, ndiyo ili ndi njira yobwezera. Amalonda a pamsika amaberedwanso chimodzimodzi: wogula amangoonetsa meseji pa foni yake n'kunyamula katundu. Musapereke katundu musanaone ndalamazo mu foni yanu inuyo.

Kodi mumadziwa kuti dzina limene limaoneka pamwamba pa meseji likhoza kukhala labodza? Pali njira za pakompyuta zolembera dzina la banki kapena la kampani pamalo pa nambala ya wotumiza, ndipo mafoni ena amaika meseji yoteroyo pamzere umodzi ndi mameseji enieni a banki yanu.

Kodi mumadziwa kuti palibe wogwira ntchito ku Econet, ku NetOne kapena ku banki amene amafunika kudziwa nambala yanu yachinsinsi? Ngakhale ejenti amene mumatapako ndalama sayenera kuidziwa. Chimodzimodzinso manambala aja amene amabwera pa meseji kuti mutsimikizire kuti ndinudi. Wina akaimba n'kunena kuti "tiwerengereni manambala amene afika pa foni yanuwo," dziwani kuti iye ali kale pakhomo pa akaunti yanu, akungosowa kiyi.

Kodi mumadziwa kuti wakuba amatha kulankhula Chichewa chokoma? Ichi ndi chimene chimandiwawa kwambiri. Ife a m'makomboni a m'maesiteti, amene makolo athu anachokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Dedza kapena ku Tete, tinazolowera kumva Chindau ku Chipinge ndi Chimanyika ku Honde. Ndiye ikafika meseji ya m'chinenero cha kwathu, pa nambala yoyamba ndi +265 ya ku Malawi kapena +258 ya ku Mozambique, mtima umafewa tisanaganize. Ku Malawi anthu anatopa nayo meseji ija yoti ndalama zija mutumize pa nambala iyi chifukwa inayo yavuta. Imatumizidwa kwa anthu ambirimbiri nthawi imodzi, podziwa kuti pagulupo sipalephera wina amene analidi pafupi kutumiza ndalama kwa m'bale wake. Ina ndi ya dalaivala wabodza amene amati wanyamula katundu wanu wochokera ku Joni ndipo wakodwa pa boda, pakufunika ya msonkho. Ina ndi ya maliro. Akuluakulu a ku Malawi akhala akunena poyera kuti ena mwa mameseji otere amachokera kwa akaidi a kundende ya Zomba, amene amalowetsa mafoni mozemba. Uthenga wa zovuta ukafika, imbani pa nambala yakale imene mumaidziwa, kapena funsani wachibale wina wa kumudziko. Maliro enieni sadziwika ndi munthu mmodzi yekha.

Kodi mumadziwa kuti simungapambane mpikisano umene simunalowe? Ndipo mphoto yeniyeni sailipirira.

Kodi mumadziwa kuti kulembetsa ku Tshiamiso Trust ndi kwaulere? Bungweli linakhazikitsidwa ku South Africa khoti litavomereza mu 2019 mgwirizano wa ndalama zosachepera R5 biliyoni, zolipira anthu amene anadwala matenda a fumbi la m'mapapo ndi TB m'migodi ina ya golide. Ena mwa iwo anachokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe. Madala athu amene anagwirako ku migodi, pamodzi ndi amasiye awo, ndi amene amasakidwa ndi mameseji onena kuti ndalama zanu zatuluka, tumizani kangachepe kotsegulira failo. Za penshoni ya NSSA n'chimodzimodzi: kafunseni ku ofesi, osati kwa munthu wosaoneka nkhope.

Za ntchito nazo. Mvula ikagwa tiyi amaphuka kwambiri ndipo maesiteti amafuna manja ambiri. Meseji yolonjeza malo kwa amene atumize kaye ndalama ya fomu muikayikire. Ofesi ya esiteti ili pomwepo, pitani mukafunse ndi pakamwa.

Kodi mumadziwa kuti nambala yanu ikhoza kubedwa foni ili m'thumba mwanu? Wakuba akapeza dzina lanu, nambala ya chitupa ndi tsiku lobadwa, amayesa kukatenga simu khadi ina m'dzina lanu ponamizira kuti yakale inatayika. Zikatheka, yanuyo imafa, ndipo mameseji onse a ndalama amapita kwa iye. Vuto ndi loti ku Honde netiweki imathawa kawirikawiri chifukwa cha mapiri, ndiye munthu amangoti ibwera. Yang'anani foni ya mnzanu wa kampani yomweyo. Ngati yake ikugwira pamene yanu yangoti zii, musadikire mawa, pitani ku shopu ya kampaniyo ndi chitupa chanu. N'chifukwa chakenso si bwino kutumiza chithunzi cha chitupa kwa munthu amene mwangodziwana naye pa meseji, kapena kudina linki imene yabwera ndi mawu oopseza kuti akaunti yanu itsekedwa lero.

Kodi mumadziwa kuti Zimbabwe ili ndi lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, ndipo bungwe la POTRAZ limalandira madandaulo a ogwiritsa ntchito mafoni? Mukaberedwa musafufute mesejiyo chifukwa cha manyazi, ndiwo umboni wanu. Dziwitsani kampani ya foni nthawi yomweyo, ndalama zisanatapidwe, kenako kanenani ku polisi. Auzeninso anzanu a kutchalitchi, kumzikiti ndi kumunda, pakuti nambala imene yakuberani ikuyesanso ena.

Kodi mumadziwa kuti chaka chobadwa ndi nambala yachinsinsi yosavuta kuilota? Chinalembedwa pa chitupa, ndipo chitupacho chimayenda m'thumba limodzi ndi foni. Ngati agogo kunyumba amadalira ena kuwawerengera mameseji, khalani nawo pansi musinthe nambalayo, ndipo mugwirizane kuti asatumize ndalama kwa wina aliyense asanakuimbireni.