Mgolo ukachedwa panyanja: malamulo a ku London ndi katundu wathu wopita kumudzi

Sheffield ndi mzinda wa zitsulo ndi zitunda, ndipo nyanja ili kutali nafe. Komabe ndi mabanja ochepa a Amalawi kuno amene sanatumizepo kanthu pa sitima yapamadzi: mgolo wa zovala ndi nsapato za ana asukulu, makina osokera, kapena galimoto logulira achimwene. Katunduyo amakwera pa madoko monga Felixstowe, amakatsikira ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenaka amayenda pamtunda mpaka kulowa m'dziko pa Mwanza, Dedza kapena Songwe. Akachedwa, kapena mtengo ukakwera, timathamangira kukalipira wotitumizira. Nthawi zina iye ndi wolakwadi, koma gawo lina la nkhaniyi limachokera ku London, kulikulu la International Maritime Organization (IMO), bungwe la United Nations loona za maulendo apanyanja.

Kafukufuku wa bungweli wa 2020 anapeza kuti mu 2018 sitima zinatulutsa pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse a mpweya wotenthetsa dziko. Pofuna kuchepetsa mpweyawu, mu 2011 mayiko anagwirizana lamulo lotchedwa EEDI, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2013. Lamuloli limati sitima yatsopano ipangidwe m'njira yoti izitha mafuta ochepa pa tani iliyonse ya katundu, ndipo muyeso wake wakhala ukukhwimitsidwa pang'onopang'ono.

Chomwe chatikhudza kwambiri ife ndi cha 2023, pamene malamulo anafikira sitima zakale zomwe. Sitima zikuluzikulu tsopano zimapatsidwa giredi chaka ndi chaka, kuyambira A mpaka E, ngati ana m'kalasi. Yopeza E kamodzi, kapena D zaka zitatu zotsatizana, iyenera kupereka ndondomeko ya mmene ikonzere zinthu. Njira yotsika mtengo kwa mwini sitima yakale ndi kuchepetsa mphamvu ya injini ndi liwiro. Masamu ake ndi odabwitsa: sitima ikachepetsa liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo 10, imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mafuta a ulendo wonse. Mwini sitima apindula, mlengalenga mupuma, koma mgolo wa mayi Nabanda ukhala panyanja masiku owonjezera. Sitinganene kuti kuchedwa konse n'kwa malamulo. Kuyambira kumapeto kwa 2023 sitima zambiri zinasiya njira ya Suez chifukwa cha zigawenga za Houthi n'kumazungulira kumunsi kwa Africa, ndipo mizere ya pa madoko athu ndi nkhani yakale.

Pa ntchito yanga yothandiza mabanja ndimaona mmene ndalama za katundu wakumudzi zimapikisanirana ndi lendi ndi gasi wa m'nyengo yozizira. N'chifukwa chake ndimati: ngati katunduyo ndi wa ukwati, wa Khirisimasi kapena wa mwambo wa chiliza, mutumizeni miyezi ingapo nthawi isanakwane. Mupemphenso wotumizayo akulembereni pa pepala ndalama ya ulendo payokha ndi ndalama zowonjezera za mafuta pazokha, pakuti m'dzina la "malamulo atsopano" mumabisala zambiri.

Kodi tidane nawo malamulowa? Ine ndikuti ayi. Amene anataya abale ku Chilobwe ndi ku Mulanje pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,000 m'dziko mwathu, akudziwa mtengo wa kusintha kwa nyengo kuposa tonsefe. Funso lenileni ndi lakuti alipire ndani. Dziko lopanda doko ngati Malawi limalipira kale kwambiri pa feteleza, mafuta ndi mankhwala, choncho chilichonse chowonjezedwa panyanja chimakafika pa msika wa Limbe chitanenepa.

Mu Julaye 2023 mayiko a IMO analonjeza kuti pofika cha m'ma 2050 sitima zisamawonjezerenso mpweya woipawu. Mu Epulo 2025 anavomereza ndondomeko yolipiritsa sitima zotulutsa utsi wopitirira muyeso, ndipo mbali ya ndalamazo inali yothandizira mayiko osauka. Koma pa msonkhano wa Okutobala 2025, dziko la America ndi Saudi Arabia atatsutsa mwamphamvu, nthumwi zinavota kuti nkhaniyo iyambe yaima kwa chaka chimodzi.