Sikafu ya Hermès ya pa kaunjika: tembenuzani kaye musanaiike pa sitetasi

Mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kugulitsa bodza. Ndinali pa kaunjika mu Lilongwe, belo litangotsegulidwa kumene, ndipo ndinasolola kansalu koterera kojambulidwa mahatchi. Pakona panalembedwa kuti Hermès, Paris. Ndinalipira K3,000, mumtima ndikuti lero ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe, pakuti sikafu yatsopano ya kampani imeneyi imadutsa madola 400.

Monga achinyamata ambiri, ndimagulitsako tizovala pa WhatsApp pothandizira malipiro. Nditangoiika pa sitetasi, mayi wina anandifunsa: "Ndi orijino?" Chala chinali kale pa "eya". Koma ndinayamba ndatumiza zithunzi kwa azakhali anga ku Johannesburg, omwe adagwirapo ntchito mu shopu ya zovala zapamwamba zogwiritsidwapo kale ntchito.

Yankho lawo linali lalifupi: "Iwe, usaone dzina. Ona m'mphepete."

Apa mpamene pagona nkhani. Hermès idayamba kupanga sikafu zimenezi mu 1937, ndipo zimadindidwa m'dera la Lyon ku France. M'mphepete mwake amapindamo ndi manja, mokulunga ngati kachingwe konenepa, ndipo mpindirowo umayang'ana kutsogolo, kumene kuli chithunzi. Ya makina imakhala yophwatalala, msoko wake wowongoka ngati wa yunifolomu ya sukulu. Yanga inali choncho ndendende.

Kachiwiri ndi nsalu yake. Ya orijino ndi silika wolukidwa mwakuti mukaiyang'anitsitsa pa dzuwa mumaona timizere topendekeka. Yodziwika kwambiri ija imakhala masentimita pafupifupi 90 mbali zonse, ndipo imalemera magalamu pafupifupi 65. Siuluka ngati pepala. Mitundu yake imaonekeranso bwino kuseri, osati kutsogolo kowala kuseri kotuwa.

Kachitatu, zolembedwa. Dzina la Hermès lili ndi kachizindikiro pamwamba pa "e" wachiwiri, ndipo opanga feki ena amakaiwala kapena kukatembenuza. Sikafu zambiri zimakhalanso ndi dzina la chithunzicho komanso siginecha ya amene adachijambula. Kalebulo kake kamati "Made in France". Koma samalani: eni ake ambiri amadula kalebuloka, ndiye kusowa kwake sikutanthauza feki. Kupezeka kwakenso si umboni, chifukwa lebulo ndi bokosi la olenji ndi zinthu zosavuta kukopera.

Pomaliza azakhali anandiuza kuti ndisolole kaulusi kamodzi kokha ndikayatse. Silika amanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo amasiya phulusa lofikisika ndi zala. Poliyesita amasungunuka n'kuuma ngati kamkanda ka pulasitiki. Kanga kanasanduka kamkanda. Chikondi chinathera pompo. Dziwani kuti kuyesa kumeneku kumangoonetsa ngati nsaluyo ndi silika, chifukwa feki zina n'zasilika weniweni.

Ndinawalembera mayi aja: "Pepani amayi, si orijino. Dzinalo n'longodinda." Sanaigule, koma patapita masabata awiri anandigula nsapato, n'kunditumiziranso mnzawo wa kuofesi.

Wina anganene kuti ndinaputsitsa ndalama. Koma malonda a pa foni amayendera dzina. Kasitomala mmodzi akaika sikirinishoti yanu mu gulupu ndi mawu akuti "wakuba uyu", mawa lake sitetasi yanu imaonedwa ndi achibale okha. Facebook ndi Instagram amaletsa kugulitsa katundu wa feki ndipo akhoza kutseka peji yanu. Kuno kwathu, wogula amene wanamizidwa ali ndi ufulu wokadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Katundu weniweni amapezeka ndithu mu belo, n'chifukwa chake timalawirira ku msika. Mukatola yanu, jambulani m'mphepete, kuseri ndi lebulo, wogula aone yekha. Ngati mukukayika, musalembepo kuti orijino.

Yanga ija ndinawapatsa amayi anga. Amaivala ngati duku popita ku tchalitchi, ndipo palibe amene wawafunsapo za Paris.