Za Nyengo ya ku Dedza ndi Nchito za m'Dimba

Mwezi uno wa Meyi tifuna kuceza nanu za nyengo ya kwathu kuno ku Dedza, ndi za madimba amene atidyetsa pamene minda ya kumtunda yatsala mapesi okhaokha. Mlendo wocokera ku Salima akatsika basi pano mwezi wa Juni, cinthu coyamba cimene afunsa ndico bulangeti. Ife eni dziko timseka pang'ono, koma tidziwa kuti sanama.

Cifukwa cace ca kuzizira kumeneku ndico kukwera kwa dziko. Tauni ya Dedza iri pa mamita ngati 1,600 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo m'Malawi muno mulibe tauni yina yokwera koposa iyo. Phiri liri kumbuyo kwa boma lifika pafupi mamita 2,200, pamene Nyanja ya Malawi siifika ndi 500 omwe. Odziwa za nyengo atiuza kuti munthu akakwera mamita 1,000, mpweya uzizira ndi madigiri ngati 6. Comweco wonyamuka ku Golomoti atabvala malaya okha, nakwera msewu wa Khwekhwerere, afika ku Bembeke mano alikugundana.

Koma kuzizira kumene tidandaula nako ndiko cuma cathu. Mbatata ya kacewere, kabici, nsawawa, karoti ndi mapicesi sizikonda dziko lotentha. Kuno zikondwa ndithu. Pitani pa mphambano ya Bembeke, kapena pa Lizulu m'dziko la Ntcheu, mukaone miulu ya kacewere ndi matimati m'mbali mwa mseu wa M1, ndi magalimoto a ku Blantyre ndi ku Lilongwe alikupakira. Zambiri za izo zicokera m'madimba a mabanja, ndipo ndalama zace ndizo zigula mcere, sopo, makope a ana ndi feteleza wa dzinja likudzalo. Dimba likaonongeka m'Julaye, njala yace imveka m'Febuluwale.

Tsono mdani woyamba wa dimba ndiye cisanu, ndipo tifuna kukhalitsa pa ico, pakuti ambiri sadziwa mayendedwe ace. Anthu aopa usiku wa nkhungu ndi wa mphepo ya mwera, cifukwa umenewo ndiwo ulasa m'mafupa. Koma mbeu siziuopa usiku wotere. Mitambo ikhala ngati cofunda ca dziko, nibweza kutentha kumene nthaka inalandira usana. Mphepo nayo isanganiza mpweya kuti wozizira usakhazikike pamodzi. Usiku woopsa ndiwo wokongola uja, wa nyenyezi zoti mbee, wopanda mtambo, tsamba losagwedezeka. Pamenepo kutentha konse kuthawira kumwamba, ndi mpweya wozizira, pokhala wolemera, utsika m'mapiri monga atsika madzi, nusonkhana pansi peni peni pa dambo. Kuzizira kukula koposa mbandakuca, dzuwa liri pafupi kuturuka. M'mamawa mupeza udzu wayera ngati wawazidwa ufa, ndipo pofika masana masamba a matimati ada bii, ali lende ngati awathira madzi otentha.

Ife tomwe tinaphunzira izi ndi misozi. Caka cina tinaoka matimati mizere isanu ndi umodzi kunsi kwa dimba, pafupi ndi citsime, poyesa kucepetsa mtunda wonyamula keni. Anakula bwino, nayamba maluwa. Usiku umodzi wa Julaye unatha onse. Koma mizere iwiri imene tinaoka kumtunda, cifukwa malo anatipereŵera, siinapsa ngakhale tsamba limodzi. Pakati pace panali mapazi makumi atatu okha. Agogo ena a dimba loyandikana anangoti, "Munafunsa yani?" ndipo tinalibe poyankha.

Cifukwa cace tikupemphani, gawani dimba lanu monga mwa mphamvu ya mbeu. Pansi pa dambo ikani kabici, repu, mpiru, anyezi ndi karoti, zimene zipirira cisanu. Matimati, nyemba, kacewere ndi maungu ziyenera malo okwera, kapena zidikire kufikira Ogasiti atapita pakati. Mukaona madzulo kumwamba kwayera ndi mphepo yaleka, thirirani dzuwa lisanalowe, popeza nthaka yonyowa isunga kutentha koposa youma. Ndipo fundikani nazale ndi udzu wouma pa timitengo, nimuucotse m'mawa dzuwa litakwera. Mpanda wa kunsi kwa dimba usakhale wothithikana kwambiri. Ukatero utsekereza mpweya wozizira monga ciswe ca madzi cikatsekedwa, ndi cisanu cigona pa mbeu zanu.

Mdani waciwiri ndiye ciwau, nthenda ya kacewere ndi matimati. Iyo ikonda cimene dziko lathu liri naco cocuruka: kuzizira pamodzi ndi cinyezi. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhungu ikhala pa phiri masiku atatu osacoka ndi mvula yamawawa siileka, masamba acita mawanga akuda, kunsi kwace kuli nguwi yoyera, ndipo m'mlungu umodzi munda wonse ungathe kupserera. Tinjere tace touluka ndi mphepo sitioneka ndi maso. Nthenda yomweyi ndiyo inagwera mbatata ya ku Ireland m'caka ca 1845, ndipo m'zaka zotsata anthu ngati miliyoni imodzi anafa ndi njala ndi matenda, tisaiyese yaing'ono. Musabzale mbeu yocokera m'munda umene unadwala, ngakhale ikhale yotsika mtengo. Musabwereze kacewere kapena matimati pa malo omwewo caka ndi caka, ndiponso musaziyandikize, pakuti ndi za mtundu umodzi ndipo zipatsirana. Kwezani mizere kuti mbatata ikwiririke bwino, thirirani pa tsinde osati pa masamba, ndipo dulani mitengo yace milungu iwiri musanakumbe. Za mankhwala opopera funsani alangizi. Ife tingonena kuti mankhwalawo aciteteza cisanafike, koma tsamba lakupsa kale saliukitsa.

Ogasiti akatha, dziko lisandulika. Mitengo ya m'nkhalango ya Chongoni iphuka masamba ofiira, nyenje ziyamba kulira, ndipo Okutobala atentha ngakhale kuno. Nthawi imeneyi bvuto ndilo madzi. Zitsime za m'dambo zitsika, ndi anansi amene anali kubwerekana makasu ayamba kulongolola pa ngalande. Phimbani mabedi ndi udzu kapena mapesi, thirani manyowa ambiri, thirirani m'mamawa ndi madzulo. Wobzala cimanga ca m'dimba ayang'ane m'mitima yace kawiri pa mlungu, popeza mbozi za mtundu watsopano zimene zinafika m'dziko muno m'dzinja la 2016 ndi 2017 zikhala m'cimanga ca cirimwe, nizidikira ca kumunda. Ndipo tinene cimene akuru onse aciona ndi maso: pamene mitengo ya m'mapiri yadulidwa, timitsinje tiphwa msanga. Wolima mpaka m'mphepete mweni mweni mwa mtsinje apindula caka cimodzi, nataya nthaka yace ndi madzi oyamba osefuka.

Za cizimalupsa sitidzacurutsa mau. Mvula imeneyo nchito yace ndiyo kuzima lupsa ndi kugonetsa pfumbi; siiri ya kubzalira. Dikirani mvula yeni yeni ya Novembala kapena kuciyambi kwa Disembala, imene inyowetsa nthaka kufikira khasu lonse lilowa osapeza pouma. Dzinja silikhulupirika monga tifunira: m'nyengo ya 2015 ndi 2016, ndiponso ya 2023 ndi 2024, mvula inadula pakati m'madera ambiri cifukwa ca El Niño, ndipo m'Malici 2024 boma linalengeza za tsoka m'maboma 23 mwa 28. Zaka zotere banja lokhala ndi dimba lidya, lingakhale lidya mocepa.

Kwa inu amai, masamba a nyemba, khwanya ndi nkhwani zimene zatsala m'minda musazileke ziume pa mtengo. Futsani tsopano dzuwa likali ndi mphamvu, mumange zikwatu, pakuti m'Okutobala ndiwo zikwera mtengo. Ndipo inu abambo ndi anyamata, mwetani udzu wofundikira nazale mwezi uno, moto wa osaka mbewa usanaufike, muuunjike pafupi ndi dimba pamalo posesedwa bwino. Fesani kabici ndi anyezi mlungu uno. Mbande za kabici zidzakhala zoyenera kuoka patapita milungu inai kapena isanu, pamene zaturutsa masamba anai.